Mawu akuti forsake anabadwira pa mlandu

Mngelezi wa lero sanena forsake pamsika kapena m'basi. Mawuwa amamveka kwambiri m'tchalitchi, ndipo amatanthauza kusiya munthu amene unamangana naye pangano. Komatu pachiyambi sankanena za kuchoka ayi.

M'Chingelezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England a Norman asanalande dzikolo mu 1066, mneniyu anali forsacan. Sacan kunali kukangana kapena kuimba munthu mlandu, ndipo sacu unali mlanduwo. Ukaika for- kutsogolo, umawonjezera ganizo lokankhira chinthu kutali. Choncho forsacan kunali kutsutsa, kukana ndi pakamwa pako kuti ichi si changanso.

Umboni wogwira mtima uli kutsidya la nyanja, kwa a Saxon a ku Germany, amene chilankhulo chawo chinali pachibale ndi Chingelezi. Mfumu Charlemagne inamenyana nawo kuyambira 772 mpaka 804, ndi kuwakakamiza kubatizidwa. Lumbiro la ubatizo la nthawi imeneyo lilipobe, m'buku lolembedwa pamanja limene likusungidwa ku Vatican. Wansembe ankafunsa ngati munthu akukana mdierekezi, iye n'kuyankha ndi mneni wachibale wa forsacan kuti "ec forsacho", kutanthauza kuti ndikukana, kenaka n'kutchula mayina a milungu ya makolo ake: Thunaer, Woden ndi Saxnot. Munthuyo sankasamuka pamudzi. Ankangoima pamaso pa anthu n'kudula ubale ndi zimene agogo ake ankapembedza, ndipo sindikhulupirira kuti onse ankayankha ndi mtima woyera pamene asilikali anali pafupi.

Kuchoka pa kukana kufika pa kusiya si patali, chifukwa amene wamukana poyera sumuyenderanso. Mu 1549, pamene Thomas Cranmer anakonza buku la mapemphero la mpingo wa England, matanthauzo onse awiri anali amoyo. Pa ubatizo anagwiritsa ntchito forsake pofunsa za kukana mdierekezi, ndipo pa ukwati mkwati ndi mkwatibwi ankalonjeza kusiya ena onse ndi mneni yemweyo. Pokonzanso bukuli mu 1662, pa funso la ubatizo anaikapo renounce, mneni wina wotanthauza kukana, koma pa ukwati sanasinthe.

Pa nthawiyi n'kuti abandon, mneni wotanthauza kusiya wochokera ku Chifalansa, atakhazikika kale m'Chingelezi kuyambira m'ma 1300. Ndi iyeyu amene anatenga ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kusiya nyumba, sitima yomira kapena mlandu kukhoti.