Chingwe sichilowa mumtolo pongochisomeka

Ma switch (zida zolumikiza makompyuta pa netiweki) awiri akamalumikizana ndi chingwe chimodzi, chikangoduka netiweki ya ofesi yonse imati zii. N'chifukwa chake timamanga zingwe zingapo kukhala mtolo umodzi wotchedwa LAG, umene a Cisco, kampani yopanga ma switch, amati EtherChannel. Malamulo ake anatuluka mu 2000 ndi dzina la IEEE 802.3ad, ndipo mu 2008 anasamutsidwira ku 802.1AX. Pa ma switch ambiri a Cisco, zingwe 8 zimatha kugwira ntchito nthawi imodzi, zina 8 zili chire kudikira.

Koma kuti port (malo osomekapo chingwe pa switch) ilandiridwe mumtolo, iyenera kufanana ndi zinzake pa liwiro, duplex (ngati imatumiza ndi kulandira nthawi imodzi kapena mosinthana) ndi ma VLAN (magulu amene netiweki yagawidwamo). Ya 1 Gbps siyenda limodzi ndi ya 10 Gbps. Komanso ma switch onse awiri ayenera kuvomerezana, ndipo imeneyi ndi ntchito ya LACP, njira imene ma switch amafunsirana za mtolowo. Amatumizirana timauthenga, mwina sekondi iliyonse, mwina pa masekondi 30 aliwonse. Titatu tikapanda kufika, port ija imatulutsidwa yokha. Ndiye kuti mukasankha kochedwako, chingwe chooneka chamoyo koma chosalankhula chingathe kumeza uthenga wa anthu kwa masekondi 90. Mbali imodzi iyeneranso kukhala active, ndiko kuti yoyambitsa kulankhulana. Zonse zikakhala passive, zongoyankha, zili ngati anthu awiri odikirirana moni: mtolo sumangika.

Palinso njira ya "on", yokakamiza port kulowa popanda kufunsana. Ine ndimaipewa. Mukaphonya chingwe, switch siidandaula, imangopitiriza kutumiza kumene kulibe wolandira.

Pochita ntchitoyi, dongosolo ndilo limapulumutsa. Powonjezera, yambani mwazimitsa port, muikonze mbali zonse ziwiri, kenako muiyatse ndi kuona ngati yalowadi. Pochotsa, izimitseni kaye musanaitulutse pagulu. Port yotulutsidwa ikadali yoyaka imasanduka njira yachiwiri pakati pa ma switch omwewo, ndipo ngati Spanning Tree, imene imatseka njira zobwereza zotere, siili tcheru, uthenga umayamba kuzungulira mosalekeza mpaka netiweki kugwa. Onaninso min-links: ngati munalamula kuti mtolo usagwire ntchito ndi zingwe zosakwana ziwiri, kuzimitsa chimodzi mwa ziwirizo kumagwetsa zonse.

Abwana akafunsa chifukwa chake fayilo yawo ikuchedwabe chonsecho mwawonjezera chingwe, auzeni kuti switch imagawa makambitsirano a pakati pa makompyuta, osati fayilo. Kukambitsirana kumodzi kumadutsa chingwe chimodzi basi, pa liwiro la chingwe chimenecho.