Mwana akanyanyala bere mwadzidzidzi

Dzulo ankayamwa bwinobwino, lero mukamuika pa bere akupotoza khosi, kudzipinda msana n'kulira ngati mwamutsina. Amayi ambiri amene amabwera kwa ife anamwino ndi vutoli amakhala atagamula kale kuti mwana waleka kuyamwa, kapena mkaka wawonongeka. Kawirikawiri zonse ziwirizi si zoona. Mwana woleka yekha amachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, ndipo sizichitikachitika asanakwanitse chaka. Wokana lero ndi lero amakhala wangonyanyala, ndipo ambiri amabwerera pakapita masiku 2 mpaka 5.

Koma tiyambe tapatula matenda. Khanda losakwana miyezi 2 likakana bere, musadikire kuche, thamangirani nalo kuchipatala. Chimodzimodzinso mwana wamkulupo amene watentha thupi, wafooka, akupuma mwabefu, liwombo lalowa, kapena matewera onyowa sakufika 6 patsiku.

Zikakhala kuti izi palibe, fufuzani chimene chamuvuta. Mwana amayamwa akupumira m'mphuno, choncho chimfine chokha chimatha kumulepheretsa. Khutu likamapweteka, kuyamwa ndi kugonera mbali imeneyo kumawonjezera ululu. Suzumirani m'kamwa: mwina mano akumera, mwina muli timadontho toyera tosachoka mukapukuta, tomwe timafuna mankhwala. Nthawi zina gwero ndi mayi: sopo kapena mafuta odzola atsopano asintha fungo limene mwana analizolowera, msambo wayambiranso, kapena bere latupa ndipo mkaka ukumveka mchere. Botolo nalo limamuzoloweza mkaka wotuluka mosavutikira. Chimene amayi amachitchula mwamanyazi ndi ichi: mwana analuma, mayi anakuwa, mwana anadzidzimuka. Palibe mlandu pamenepo, mano a mwana ndi akuthwa ndithu.

Pamasiku amenewa ntchito yaikulu ndi kuteteza mkaka. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene watuluka, ndiye likakhala chodzaza, thupi limachepetsa. Kamani ndi manja osamba bwino nthawi zonse zimene mwana akanayamwa, pafupifupi maola 3 alionse, ndipo mumwetseni ndi kapu yaing'ono kapena supuni. Mkaka wokama umakhala bwino maola 4 pamalo ozizirirapo, ndipo m'firiji umatha masiku 4. Ngati sanakwane miyezi 6 musamuyambitse madzi kapena phala chifukwa cha nkhawa; mkaka wanu womwewo ndi wokwanira.

Musamukakamize, ndipo musamusiye ndi njala poganiza kuti akagonja ayamwa. Mwana wanjala kwambiri amangolusa, ndipo mukamukanikizira mutu pa bere amayamba kuliwopa. M'malo mwake muvuleni, mumugoneke pachifuwa panu khungu ndi khungu, osamupatsa bere, alifune yekha. Yesani akamawodzera kapena atangodzuka, m'chipinda chamdima chopanda phokoso. Ana ambiri amene amakana masana amayamwa ali m'tulo osazindikira n'komwe kuti anali pa mkangano. Finyani timadontho pansonga ya bere kuti alawe msanga. Sinthani kanyamulidwe, ena amalola mayi akuyendayenda nawo, ndipo wa chimfine amayamwa bwino mutamukhazika chowongoka. Akayamba kulira, lekani, mumutonthoze, mudzayesenso pakapita kanthawi.

Sabata ikatha asakulolabe, kapena bere lanu lafiira, lalimba ndipo mukumva kuzizidwa, bwerani tikuoneni nonse awiri.