Duwa limodzi patsamba loyamba

M'nyumba zachikhalidwe za ku Japan mumakhala kamalo kolowa m'khoma kotchedwa tokonoma. Mwininyumba amapachikapo chojambula kapena cholembedwa chimodzi, n'kuika duwa pansi pake. Zina amazisunga, nyengo ikasintha n'kudzatulutsa china. Ife okonza mawebusaiti tikadaphunzira bwino kamalo kameneka, bwenzi masamba ambiri akuwerengeka mosavuta.

Pali nkhani imene amasimba ya Sen no Rikyū, katswiri wa mwambo wa tiyi amene anamwalira mu 1591. Akuti wolamulira Toyotomi Hideyoshi anamva kuti m'munda mwa Rikyū maluwa achita bwino, napita kukawaona, koma anapeza onse atathotholedwa. Atalowa m'chipinda cha tiyi, anapeza limodzi lokha, loposa onse kukongola. Kuthothola aliyense angathe. Chovuta chinali kudziwa loti litsale.

Mwini bizinesi amafuna kuti zonse zionekere patsamba loyamba: mbiri ya kampani, mitengo, zithunzi zoyenda zokha, mauthenga otumphuka. Ine ndimangomufunsa kuti, "Munthu akatsegula pafoni, mukufuna ayambe wachita chiyani?" Ngati mukufuna akuimbireni, nambala yanuyo ndiye duwa lanu. Iikeni poyera, muisiyire mpata mbali zonse. Mpata umenewu, umene Ajapani amautcha ma, umagwira ntchito: diso silisochera, chala sichiphonya batani, ndipo tsamba lopepuka limatseguka msanga osamaliza bandulo ya munthu.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona tizilembo totuwa patsamba loyera mbee, mwini wake n'kumati ndi luso la ku Japan. Wokalamba, kapena amene waima padzuwa, sangawerenge zimenezo. Malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito mawebusaiti, amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zalembedwa kusachepere 4.5 kwa 1.

Komanso si tsamba lililonse limene limafuna mpata wotere. Muji, kampani ya ku Japan yogulitsa katundu wa m'nyumba ndi zovala, yomwe inayamba mu 1980 ndipo maonekedwe ake amawatsogolera Kenya Hara, imakonda zochepa, koma Rakuten, webusaiti yogulirapo katundu, ndi Yahoo! Japan, ya nkhani ndi zofufuza, n'zodzaza thothotho, ndipo anthu ochuluka ku Japan amazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Woyerekeza mitengo amafuna kuona zinthu zambiri nthawi imodzi. Mukamubisira kuseri kwa menyu kuti tsamba lioneke laudongo, amatopa kudina, n'kukagula kwina.