Foni ikamapezeka bize anthu alipo: kukonza hunt group pa PABX yakale

M'maofesi ambiri, m'zipatala zazing'ono ndi m'malo ogona alendo mukadali kabokosi ka Panasonic KX-TES824, PABX (makina ogawa mafoni a m'ofesi), kopachikidwa pakhoma, nthawi zambiri kuseri kwa kabati. Makinawa amabwera ndi malo a malayini 3 ochokera kunja ndi mafoni 8 a m'kati, ndipo mukawonjezera makadi amafika malayini 8 ndi mafoni 24. Ndi akale ndithu, koma dandaulo limene ndimamva kawirikawiri silichokera ku ukalamba wawo. Eni ake amati kasitomala akaimba akumapeza bize, chonsecho m'chipinda chomwecho muli anthu ena awiri amene mafoni awo angokhala phee. Ena amafika poganiza zogula makina atsopano, pamene chofunikacho chili kale m'bokosimo, kungoti sichinayatsidwe.

Chinthucho ndi hunt group. Mumasonkhanitsa mafoni a anthu ogwira ntchito imodzi m'gulu, ndipo wina akaimbira mmodzi wa iwo n'kupeza akulankhula, makinawo amasaka okha mnzake amene ali mpata n'kumuliritsira.

Kuti mukonze, mufunika foni ya Panasonic yokhala ndi sikirini, monga KX-T7730, yolumikizidwa pa jaki 01 (jaki ndi polowera waya wa foni pa bokosilo). Dinani PROGRAM, kenako nyenyezi ndi #, ndiye nambala yachinsinsi. Makina akamachoka ku fakitale nambalayi imakhala 1234, ndipo ngati mpaka lero ikadali yomweyo, isintheni mukamaliza. Amene ali ndi kompyuta angathenso kudzera pa USB ndi pulogalamu ya Maintenance Console, koma njira ya pafoni ndiyo simafuna china chilichonse.

Mukalowa, chokonza chilichonse chili ndi nambala yake ya pulogalamu. Yambani ndi pulogalamu 600, imene imaika foni iliyonse m'gulu. Magulu alipo 8, koma poyamba mafoni onse amakhala m'gulu 1. Apa ndi pamene anthu amapsera. Wina amathamangira pa pulogalamu 100, n'kuyatsa kusaka pa gulu 1 asanapatule aliyense. Zotsatira zake, wofunsa za risiti amakagwera kwa bwana wamkulu, kwa alonda pageti, kapena pa fakisi kumene amangolandiridwa ndi likhweru. Choncho patulani kaye. Tinene kuti a maakaunti ali pa 104, 105 ndi 106: aikeni m'gulu 2, kenako pa 100 sankhani Enable pa gulu 2 lokhalo. Pa chilichonse chimene mwasintha dinani STORE, apo ayi sichisungika.

Pulogalamu 101 ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa imasankha kasakidwe. Pali njira ziwiri. Ya Terminate imayambira pa foni imene yaimbidwa n'kukwera mpaka kumapeto kwa gulu, basi. Munthu akaimba 105 n'kupeza bize, makina ayesa 106, ndipo nayonso ikakhala bize woimbayo amva bize ngakhale 104 ili mpata. Ya Circular imazungulira, ikafika kumapeto imabwerera kwa 104. Kwa anthu a udindo wofanana ine ndimasankha Circular, chifukwa palibe chifukwa chobwezera kasitomala pamene wina womuthandiza alipo. Terminate ili ndi malo ake pamene gulu lili ndi akuluakulu ndi aang'ono. Ikani kalaliki poyamba ndi mkulu wa dipatimenti kumapeto, ndiye mkuluyo azilandira pokhapokha onse atatanganidwa, komanso foni yopita kwa iye mwini siitsikira kwa kalaliki.

Dziwaninso kuti makinawa amatsata manambala a majaki, osati manambala amene anthu amaimba. Poyamba ziwirizi zimayendera limodzi, jaki 01 ndi 101, jaki 02 ndi 102, mpaka 124. Koma m'maofesi akale anthu anasamukasamuka, manambala anasinthidwa, ndipo 104 ingapezeke ili pa jaki 11. Musanakonze kanthu lembani papepala jaki iliyonse, nambala yake ndi amene amakhala pamenepo. Pepalalo limatani pa chitseko cha kabati kuti wobwera pambuyo panu asayambirenso.

Gulu likakonzeka, mafoni a m'kati ayamba kusaka nthawi yomweyo, koma ochokera kunja ayi. Kusaka kumagwira pa foni yolunjika kwa munthu mmodzi. Ngati layini ya kunja ili pa Normal, imangoliza mafoni onse amene munawasankha pa mapulogalamu 408, 409 ndi 410, ndipo gululo silikhudzidwa. Pitani pa 414, sankhani layiniyo, iikeni pa DIL (kulunjika kwa foni imodzi) ndipo muilozetse kwa munthu woyamba m'gulu. Imeneyi ndi ya masana. Ya usiku ili pa 415, ya nthawi ya nkhomaliro pa 416, ndipo zambiri zimene anthu amati makina akuchita misala zimakhala kuti wina anakonza masana okha. Zilibe kanthu kuti layiniyo ndi ya MTL kapena ndi kabokosi kokhala ndi simu ya TNM kapena Airtel kolumikizidwa pa PABX, kakonzedwe n'komweko.

Tsono pali malire amene ndimafuna mwini ofesi awamve ndisanagwire batani lililonse. Kusaka kumayamba foni ikakhala bize basi. Munthu akachoka pa desiki kupita ku banki, foni yake kwa makina ili mpata, ndipo idzalira mpaka woimbayo atatopa. Gulu silingathandize pamenepo. Chothandiza ndi kutumiza foni yosayankhidwa kwa mnzake: pa foni ya munthuyo dinani 712, nambala ya mnzakeyo, kenako #, ndipo nthawi yodikira isanasamuke imakonzedwa pa 202. Njira ina ndi yakuti wochokayo azituluka m'gulu ndi Log-out kuti makina azimudumpha posaka, koma izi zimadalira kukumbukira kwa munthu, ndipo ambiri amaiwala kulowanso akabwerako.

Kusaka sikugawanso ntchito mofanana. Woyamba m'gulu ndiye amalandira foni iliyonse akakhala mpata, anzake n'kumatola zotsala. Ngati zimenezi zikubweretsa kung'ung'udza, makinawa ali ndi UCD imene imagawa mosinthanasinthana, koma imaloledwa pa gulu limodzi lokha, ndiye ipatseni kumene mafoni amachuluka. Kumbukiraninso kuti magulu a pa 600 ndi omwewo amene anthu amagwiritsa ntchito poyankhirana mafoni ndi nambala 40. Sekilitale amene ankayankha foni ya a maakaunti ali pampando wake adzapeza kuti 40 yasiya kugwira, choncho mudziwitseni tsiku lomwelo.

Mukamaliza yesani zenizeni. Wa pa 104 anyamule foni, inu muimbe nambala ya ofesi ndi foni ya m'manja, muone ngati 105 ikulira. Kenako onse atatu anyamule, mumve chimene kasitomala adzamve. Bwerezani zonsezi makina ali pa usiku.