Mlonda wa kafukufuku amadya kwa ndani?

Chiyambireni 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lakunja n'kutseka USAID, kenako bungwe lake loona za kafukufuku wa zaumoyo, la NIH, n'kusintha njira imene mayunivesite a kumeneko ankagawira anzawo akunja ndalama za kafukufuku, nkhani mu Lusaka yakhala ya ma ARV ndi anthu ochotsedwa ntchito. Mpake. Koma pali kantchito kena kobisika kamene kamadya m'mbale yomweyo: kuonetsetsa kuti wofufuza asachite chibwana ndi magazi kapena moyo wa munthu amene wavomera kuyesedwa. Mbiri yake imadutsa ku Mazabuka.

Makomiti ounika kafukufuku analipo kale, monga wa ku UNZA ndi wa ku TDRC, malo ofufuza matenda ku Ndola, koma lamulo limodzi lomanga onse panalibe. Ndiye kunabwera kafukufuku wa MDP 301, wolipiridwa ndi boma la Britain. Ankayesa jelo wotchedwa PRO 2000, amene mayi ankaika kumaliseche asanagone ndi mwamuna, kuti aone ngati angateteze ku HIV. Amayi 9,385 analowa, a ku South Africa, Tanzania, Uganda ndi Zambia. Kuno malo ake anali Mazabuka, tauni ya minda ya nzimbe, kumene kunalembedwa amayi opitirira 1,300. Ena ankalandira jelo weniweni, ena wopanda mankhwala, ndipo onse ankapatsidwa makondomu ndi uphungu. Mu December 2009 zotsatira zinatuluka: jeloyo savulaza, komanso sateteza.

Apa m'pamene moto unabuka. Zinamveka kuti amayi 46 a ku Mazabuka anapezeka ndi kachilombo kafukufuku ali m'kati. Manyuzi anailemba ngati kuti ofufuza ndi amene anawapatsira, ndipo Mfumu Mwanachingwala ya m'deralo inakalipa poyera, kufuna kuti ochititsa ntchitoyo ayankhe mlandu. Ofufuza anati ayi, m'jelomo munalibe kachilombo, amayiwo anatenga HIV m'njira imene ena onse m'deralo amatengera. Ziwerengero zili kumbali yawo: m'maiko onse anayi, amene anatenga kachilombo pagulu la jelo weniweni anali 130, pagulu linalo 123, kusiyana kosanunkha kanthu. Pa mfundo imeneyi ine ndikukhulupirira ofufuza kuposa mitu ya m'manyuzi.

Komabe chiwerengero sichiyankha funso la mayi wa ku minda ya nzimbe ya Nakambala, ku Mazabuka komweko. Mwamuna wake akukana kondomu, iye wapatsidwa kanthu kuchipatala ndi anthu ophunzira, ndi kandalama ka basi pamwamba. Ngakhale pepala litanena katatu kuti "sitikudziwa ngati amateteza", mtima wake ukhulupirira chiyani? Ndiponso dziko lino lili ndi chikumbumtima chake pa nkhani ya magazi. Agogo athu ankasimba za banyama a nthawi ya atsamunda, amene ankanenedwa kuti amagwira anthu n'kuwatapa magazi, ndipo mpaka pano wotenga magazi m'makomboni amatha kunenedwa kuti ndi wa Satana.

Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kafukufuku wa zaumoyo, limene linabala bungwe loyang'anira kafukufukuyo, National Health Research Authority, pamodzi ndi bodi yoyang'anira makomiti onse. Linaikanso malire pa kutumiza magazi ndi zina za m'thupi kunja kwa dziko. Lamulolo silitchula Mazabuka ndi dzina, ndipo maganizo olilemba anayamba kale, koma ndikukayika ngati likanayenda liwiro lomwelo popanda phokoso lija.

Tsono ndalama. Makomiti amalipiritsa wofufuza aliyense wobweretsa pempho lake, kutanthauza kuti mlonda amadya kuchokera kwa amene akumulondera. Maphunziro a akatswiri ambiri a ntchitoyi adalipiridwa ndi akunja, monga Fogarty International Center ya ku America kudzera ku yunivesite ya Johns Hopkins, ndi bungwe la EDCTP la ku Ulaya limene linayamba mu 2003. Maiko a mu Africa adalonjezana zoika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, ndipo Zambia ikadali kutali nayo.

Azakhali anga ankagwira ntchito yowerengera anthu fomu yovomera kulowa m'kafukufuku pa kiliniki ina kuno. Amasimba za agogo ena amene anamvetsera masamba onse m'Chinyanja, mboni ili pambali, inki ya chidindo itatsegulidwa kale.

"Amayi, mwamva kuti mukhoza kusiya tsiku lililonse?"

"Ndamva, mwanangu. Nanga ndikasiya, mankhwala anga a BP mudzandimana?"

Azakhali anatseka inki ija n'kuyambiranso tsamba loyamba. Linawatengera ola lina lathunthu, ndipo malipiro a ola limenelo ankachokera ku thumba la kunja lomwe latsekedwali.