Maenje a golide cha ku Makanjira ndi udzu womwe unaiwalika mu 2018

Nyengo yodzala mitengo ikangotsegulidwa mu December mkangano uja umabukanso kuno ku Mangochi, oti malo omwe anakumbidwa golide ndi miyala yamtengo wapatali cha ku Makanjira atani. A zankhalango amati mbande zibwere tidzale mitengo, pomwe eni ng'ombe ndi mbuzi amati ayi, yambani mwakwirira maenje udzu umere kaye, ziweto zathu zikuthyoka miyendo. Nkhaniyi ili ndi komwe inachokera.

Nkhalango ya Namizimu, yomwe ili cha ku Makanjira komweko, inatetezedwa kale nthawi ya atsamunda m'zaka za m'ma 1920, ndipo kwa zaka zambiri milandu yake inali yodziwika kale, makala, macheka, minda yolumpha malire. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kukumba, kulima ngakhalenso kudyetsa ziweto mkati popanda chilolezo. Koma tchire la miombo si mitengo yokha. Pansi pa mombo ndi masuku pamamera tsekera yemwe amayi amamweta kukafolera nyumba, m'madambo msipu umakhala wobiriwira mpaka chilimwe, agwape amabisala momwemo ndipo nkhanga zimaikira mazira mu udzu womwewo.

Zinthu zinatembenuka mu 2018. Mbiri ya golide itawanda anthu anakhamukira m'nkhalangomo ndi m'mbali mwa mitsinje, makasu, mapiki, mashovelo ndi mabeseni m'manja. Nyuzipepala zinkatsindika kwambiri za anthu ochokera kunja, maka poti malire a Mozambique ali pafupi pomwepo, ndipo alendowo analipodi makamaka ogula. Koma mukacheza ndi anthu a m'midzi amakuuzani kuti ambiri ogwira piki anali ana akomweko, ena asodzi omwe nyanja inasiya kuwadyetsa. Ine mbali ya a m'midzi ndimaikhulupirira kwambiri chifukwa wogula satsika m'dzenje. Chiwerengero cha okumba aliyense ankatchula chake, za kuchuluka kwa maenje ndiye sizinkamveka n'komwe.

Boma linatumiza asilikali a MDF chaka chomwecho kukawathamangitsa. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti mpata unatayika. Ntchito inali yochotsa anthu basi, anthu anachokadi ngakhale ena anadzabwereranso, koma maenje anatsala kukamwa yasa.

Tsono muone mmene dzenje limakumbidwira. Khasu loyamba limachotsa dothi lakuda lapamwamba lija, lomwe muli mizu, nthanga za udzu ndi chonde chonse, n'kuliponya pambali. Kenako katondo ndi nsangalabwi zochokera pansi zimaunjikidwa pamwamba pake, ndiye dothi lamoyo limathera pansi penipeni pa mulu, lakufa n'kukhala poyera. Mvula ikagwa mulu umakokoloka kupita mumtsinje, dzenje n'kudzadza madzi, m'mphepete mwake n'kumagumuka. Pamalo otere mukadzala mbande ya bulugamu kapena kesha mwangoitaya, ikafika October yauma, chithunzi chokha cha tsiku lodzala ndi chomwe chimatsala pa Facebook.

N'chifukwa chake zonena za oweta sizopusa ngakhale pang'ono. Kukwirira kumafuna dongosolo, miyala pansi, katondo pakati, dothi lakuda lomwe latsala pamwamba, ndipo mulu uzikwera pang'ono chifukwa umadzatsika wokha. Kapinga amayanga msanga n'kugwira nthaka. Tsekera mumamumweta ngala zitakhwima cha mu May kapena June n'kumuyala pamalopo, nthanga zimayoyokera pomwepo, mapesi n'kumatchinga dzuwa ndi madontho a mvula. Manyowa a m'khola amabwera ndi nthanga zawozawo. Vetiva amathandiza m'malo otsetsereka koma ng'ombe sizimukonda akakula, ndiye asadzaze malo onse. Chovuta kwambiri n'choti ziweto ziyenera kutalikira dzinja limodzi kapena awiri ndipo moto wa tchire usadutsepo, apa mpamene mafumu amafunika kuposa wina aliyense, ndipo oweta enieniwo mpomwe amayamba kung'ung'udza.

A zankhalango nawonso ali ndi mfundo yawo, tisawanamizire. Akuopa kuti mukangoti msipu, anthu amva kuti nkhalango yatsegulidwa, ng'ombe zilowe, kenako minda. Amaloza nkhalango ya Mangochi yomwe bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2018 yomweyo kuwonjezera pa paki ya Liwonde yomwe linkayang'anira kale, kuti chitetezo chokhwima chimabweza nyama. Zoona, koma maenje ambiri omwe akupweteka ziweto ali pa malo a mafumu m'mbali mwa mitsinje, osati mkati mwa nkhalango mokha.

Za malamulo n'zachidule. Lamulo la migodi la 1981 linalowedwa m'malo mu 2019, kenako linanso mu 2023, ndipo mwini laisensi amayenera kukonza malo akamaliza kukumba. Kuli MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, yochokera mu lamulo la zachilengedwe la 2017. Koma okumba a 2018 analibe laisensi, ndiye palibe yemwe mungamugwire. Mu 2021 Reserve Bank inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, kutanthauza kuti boma lili ndi pomwe limakumana nawo maso ndi maso. Pomwepo ndi pomwe pangadulidwe kandalama kokwiririra maenje, kuti ntchitoyo isamagwere mwini ng'ombe yemwe sanaone ngakhale kambewu ka golide.