Malole a Khonsolo Amathera Pageti: Mkangano wa Zinyalala za Namondwe m'Mapaki a Nyumba Zokoka ku Florida

Namondwe akadutsa ku Florida, m'dziko la America, anthu amatulutsa zonse zimene madzi awononga n'kuziunjika m'mbali mwa msewu: matiresi onyowa, mafiriji onunkha, makapeti odzaza matope a m'nyanja, malata opindikapindika, nthambi za mitengo. Pakapita masiku kumabwera malole otumidwa ndi khonsolo, okhala ndi chikono chachitsulo chonyamulira milu ija. Koma pali malo ena amene malolewa nthawi zambiri amangowalambalala. Awa ndi mapaki a nyumba zokoka, nyumba zopangidwa kufakitale zimene amabwera nazo pa matayala n'kudzazikhazika pa kapuloti. Okhalamo amadandaula kuti nawonso amakhoma misonkho ngati wina aliyense. A khonsolo amayankha kuti msewu wa mkati mwa pakiyo si wawo, ndi wa mwini paki. Mwini paki naye amaloza anthu ochita lendi pamalo ake, ati firiji ndi matiresi ndi zawo. Aliyense ali ndi mfundo yake, ndipo mulu uja umangowola pakhomo.

Gwero la mkanganowu ndi lakale ndithu. M'chaka cha 1919 ku Tampa, mzinda wa ku Florida, kunakhazikitsidwa gulu la Tin Can Tourists, anthu a kumpoto amene ankathawa chisanu n'kumabwera ku Florida pa magalimoto awo, kumagona m'misasa. Kenaka anayamba kukoka timakalavani, ndipo eni malo anaona kuti pamenepa pali ndalama: kudula timapuloti, kuikapo madzi ndi magetsi, n'kumalipiritsa lendi. Nthawi imeneyo zinali zomveka kuti malo oterewa aziwerengedwa ngati bizinesi, chifukwa ogonapo anali apaulendo amene dzinja likatha ankamangirira kalavani n'kubwerera kwawo. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse komanso pambuyo pake nyumba zinasowa, makalavani anayamba kukula, ndipo mabanja ndi anthu opuma pantchito anakhazikikamo mpakampaka. Mu 1955, pafupi ndi Bradenton, anatsegula Trailer Estates, kumene munthu ankagula puloti yeniyeniyo, koma njira imeneyi sinafale ngati ya lendi.

Chotsatira chake n'chakuti m'mapaki ambiri lero nyumba ndi ya wokhalamo, pamene dothi lili pansi pake, misewu ndi mipope ndi za munthu wina kapena kampani. Ngakhale amati ndi nyumba yokoka, ikakhazikika sisunthanso: kuisamutsa kumadya madola masauzande angapo, ndipo yakale ikhoza kuphwasuka m'njira. Choncho munthu amakhala pamalopo zaka makumi awiri, n'kudzala maluwa, n'kumanga kakhonde, koma m'mabuku a boma akukhala pa malo a bizinesi.

Florida inayesa kulongosola ubale umenewu m'ma 1980 ndi lamulo lotchedwa Florida Mobile Home Act, limene ndi mutu 723 wa malamulo a chigawochi ndipo limakhudza mapaki okhala ndi mapuloti khumi kapena kuposerapo. Lamuloli limapatsa mwini paki udindo wosamalira malo ogwiritsa ntchito anthu onse, ndipo wokhalamo asamale puloti yake. Pa tsiku labwinobwino zimenezi zimakwanira. Koma denga la neba likagwera pa msewu wa paki, pamodzi ndi mtengo wochokera kuseri kwa mpanda, palibe amene angaloze kuti ichi n'cha uje.

Chimene chimamanga manja a khonsolo kwenikweni ndi ndalama za boma lalikulu ku Washington. Bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la FEMA, limene linakhazikitsidwa mu 1979 pa nthawi ya Pulezidenti Jimmy Carter, limagwira ntchito motsatira lamulo la Stafford Act la 1988. Pulezidenti akalengeza kuti dera lagweredwa tsoka, FEMA imabwezera makhonsolo ndalama zosachepera 75 pa 100 iliyonse zimene awononga pochotsa zinyalala. Koma kubweza kumeneku n'kwa zinyalala za pa malo ndi misewu ya boma. Za pa malo a munthu zimafuna chilolezo chapadera, chosonyeza kuti zikuopseza moyo ndi thanzi la anthu ambiri, komanso kalata ya mwini malo yolola kuti alowemo ndiponso kuti sadzasumira boma ngati china chawonongeka. Malo a bizinesi ndiye amavuta koposa, poti amati mwini bizinesi akhale ndi inshulansi yake. Ndipo sikuti amangokhulupirira pakamwa. Lole iliyonse imakhala ndi woiyang'anira wolemba tikiti yosonyeza pomwe yanyamula katundu ndi kuchuluka kwake. Khonsolo imene ingalowe m'paki mwachifundo isanalandire chilolezo ikhoza kudzasenza yokha bilu yonse. Ndiye mkulu wa zachuma pa khonsolo akamanena kuti dikirani kaye, si nkhanza zokha ayi, ngakhale kwa gogo amene akugona moyandikana ndi mulu wa nkhungu kusiyana kwake n'kochepa.

Chondivuta ine pa dongosololi n'chakuti limamana thandizo pamalo pomwe chiwonongeko chimachuluka. Namondwe wotchedwa Hurricane Andrew atagunda pa 24 August 1992, pafupifupi nyumba zokoka zonse za mumzinda wa Homestead zinaphwasukiratu. Malamulo a kapangidwe ka nyumbazi analipo kale kuyambira 1976 pansi pa unduna wa zanyumba wa HUD, koma Andrew anaonetsa kuti sanali okwanira, ndipo mu 1994 anawakhwimitsa pa nkhani ya mphepo. Nyumba zatsopano zinalimbadi, koma zakale zija zikadalipo zambirimbiri, ndipo okhalamo ndi okalamba odalira penshoni ndi antchito a malipiro ochepa, amene sangakwanitse kulemba ganyu kampani yonyamula zinyalala.

Ndiye namondwe aliyense akabwera nkhaniyi imayambiranso pachiyambi. Hurricane Ian itawononga dera la Fort Myers pa 28 September 2022, boma la Florida, motsogozedwa ndi Bwanamkubwa Ron DeSantis, linachita kukambirana ndi FEMA kuti ifewetse malamulo ochotsera zinyalala pa malo a anthu ndi a mabizinesi m'madera ovutika kwambiri. Kufewetsa kotere kumagwira pa tsoka limenelo lokha; lina likabwera, pempho limalembedwanso. Mu 2024 zinafika pothina: namondwe Helene anasefukiza madzi a m'nyanja m'gombe la kumadzulo kumapeto kwa September, ndipo pasanathe milungu iwiri namondwe wina, Milton, anatera ku Siesta Key pa 9 October, milu ya Helene ikadali m'misewu. Ku Pinellas, dera la m'gombe lomwelo, ndi madera oyandikana nawo malole ankathamangitsana ndi nthawi, poopa kuti mphepo itola malata ndi matabwa aja n'kuwaponyera m'mawindo a anthu.

Mapaki ena anapeza njira yawoyawo: okhalamo anasonkherana n'kugula malowo pamodzi, kotero kuti kalata yololeza malole kulowa amasainira okha pa komiti yawo. Kwa otsala pa lendi, ngakhale zinyalala zitachoka pamakhala chipsinjo china. M'madera osefukira madzi, khonsolo ikayeza n'kupeza kuti kukonza nyumba kudya theka la mtengo wake kapena kuposa, nyumbayo iyenera kukwezedwa m'mwamba kapena kuchotsedwa malinga ndi malamulo a inshulansi ya madzi osefukira. Nyumba yokoka yakale mtengo wake ndi wochepa, motero siichedwa kufika pa theka limeneli, ndipo mwini wake amayenera kusankha ngati angaike ndalama zokwezera nyumba pa dothi limene si lake, lendi ya puloti ikuwerengedwabe mwezi ndi mwezi.